Ndani Alipire? Chichewa cha Patebulo pa Ulendo wa Kumapeto kwa Sabata Kuchokera ku Toronto

Mawu oyamba

Pafupifupi buku lililonse lophunzitsira Chichewa limakhala ndi phunziro la zakudya. Wophunzira amaloweza mayina monga nsima, ndiwo, nyemba, nkhuku ndi madzi, kenako amayeserera kufunsa mtengo pamsika. Koma pali funso lina limene maphunziro otere salifikako kawirikawiri, chikhalirecho ndi lomwe limatha kuziziritsa ubwenzi: mbale zikachotsedwa patebulo, ndani atulutse ndalama?

Nkhani ino ikufotokoza mawu amene olankhula Chichewa amagwiritsa ntchito poitanana, pogulirana ndi posonkherana akapita kokasangalala ndi anzawo kumapeto kwa sabata. Chitsanzo chathu ndi cha Amalawi okhala mumzinda wa Toronto ndi madera ozungulira, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Kumeneko chizolowezi cha kumudzi chakuti woitana ndiye amasamala amene wawaitana chimakumana ndi chizolowezi china chakuti aliyense amalipira chimene wadya. Tiona kuti Chichewa chili ndi mawu okwanira othetsera nkhaniyi, ndipo ambiri mwa mawuwo amapangidwa ndi timaphatikizo tating'ono timene timaikidwa pa mneni. Wophunzira amene wadziwa kusiyana kwa kulipira, kulipirira ndi kudzilipirira wadziwa galamala, komanso wadziwa kupewa manyazi pagulu.

Maulendo awiri ofanana

Ku Malawi, anthu a m'tauni akati “tikupita kunyanja” aliyense amamva. A ku Lilongwe amalowera ku Salima mpaka ku Senga Bay. A ku Blantyre amadzera ku Zomba ndi Liwonde kupita ku Mangochi, ena mpaka ku Cape Maclear. Amanyamuka Lachisanu madzulo kapena Loweruka m'mamawa, n'kubwerera Lamulungu. Kudya kumayambira panjira: chimanga chootcha, tchipisi cha pachiwaya, kanyenya, nthochi. Akafika, chimene aliyense wakhala akuchilakalaka ndi chambo kapena kampango ndi nsima yotentha.

Ku Toronto nakonso anthu amatuluka mumzinda kumapeto kwa sabata, makamaka kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Seputembala pamene kunja kwafunda. Ena amapita ku mathithi a Niagara, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, podzera msewu wa Queen Elizabeth Way kapena pa sitima ya GO yonyamukira ku Union Station. Ena amalowera kumpoto pa msewu wa 400 kupita ku Muskoka, dera la nyanja zing'onozing'ono ndi makoteji, kapena ku Wasaga Beach m'mphepete mwa Georgian Bay. Enanso amapita kum'mawa, ku Prince Edward County. Panjira pali malo amene apaulendo adawazolowera. Khofi amagula ku Tim Hortons, kampani yomwe idayamba mu 1964 mumzinda wa Hamilton, umene uli panjira yopita ku Niagara. Opita ku Muskoka ambiri amaima pa Webers, malo owotcha mabaga amene adatsegulidwa mu 1963 pa msewu wa 11 kumpoto kwa Orillia. Malowo ali ndi mlatho wa oyenda pansi wodutsa pamwamba pa msewu.

Choncho maulendo awiriwa amafanana: anthu anayi kapena asanu m'galimoto imodzi, madzi kumapeto kwa ulendo, ndi njala. Pamene amasiyanirana ndi pa nkhani ya ndalama.

“Tiyeni tikadye”

Mawu akuti “tiyeni tikadye” amaoneka osavuta. Muli “ti-” woimira ife, “-ka-” wosonyeza kuti tichita chinthucho tikafika kwina, ndi “-dye” amene akutha ndi e chifukwa tikulimbikitsana. Koma tanthauzo lake limadalira amene wawalankhula. Akawalankhula munthu wamkulu kwa wamng'ono, wapantchito kwa wasukulu, kapena mwinimudzi kwa mlendo, womvayo amaganiza kuti waitanidwa, ndipo woitanidwa sanyamula chikwama. Maganizowa amachokera kunyumba, kumene munthu wofika nthawi ya chakudya amauzidwa kuti “karibu” kapena “tasambani tidye”, ndipo kumufunsa ndalama kungakhale kumunyoza. Mwambi wakuti “kupatsa n'kuika” umafotokoza chifukwa chake: chimene wadyetsa mnzako lero chili ngati chosungitsa, udzachipeza tsiku lina.

Ku Toronto, mnzako akati mukadye kulesitilanti nthawi zambiri amatanthauza kuti mukhalire limodzi, osati kuti akugulira. Operekera zakudya adazolowera zimenezi, moti chakudya chikatha amafunsa ngati bilu ikhale imodzi kapena aliyense apatsidwe yake. Kenako amazungulira tebulo ndi kamakina kolipirira pa khadi. Kwa munthu amene wangofika kumene kuchokera ku Malawi, mwina wophunzira amene ndalama zake za mwezi ndi zowerengeka, kamakinako kakafika pa iye asakuyembekezera amatha kulipira ndalama yomwe imayenera kumukwanira sabata yathunthu. Sanganene kanthu pagulu, koma ulendo wotsatira amapeza chifukwa chokanira.

Mbali inanso ilipo. Mmalawi amene wakhalitsa ku Canada, wapantchito, amatha kumva kuti ndi udindo wake kulipirira aliyense nthawi zonse, poopa kutchedwa woumira. Ulendo wa masiku awiri uli ndi chakudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo kuwolowa manja kotere sikuchedwa kusanduka ngongole ya pakhadi. Nawonso olipiriridwa, akazolowera, amayamba kutchedwa atidyenawo. Mawu amenewa ndi chiganizo chathunthu, “tidye nawo”, chomwe chidasanduka dzina lonyoza munthu wongotsatira kumene kuli zakudya.

Mneni mmodzi, maudindo ambiri

Njira yopewera zonsezi ili m'chiyankhulo momwemo. Chichewa chimasintha mneni pomuwonjezera mphatikiri kuti asonyeze amene akuchita, amene akuchitiridwa, ndiponso ngati anthu akuchitirana. Katswiri wa ziyankhulo Sam Mchombo adafotokoza misintho imeneyi mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 2004 lotchedwa The Syntax of Chichewa. Pano tingoona mmene imagwirira ntchito patebulo.

Tiyambe ndi kugula. Tikawonjezera -ir- timapeza kugulira, kutanthauza kugula chinthu kuti chikhale cha wina. Tikawonjezeranso -an- timapeza kugulirana, pamene wina agulira mnzake ndipo mnzakeyo abwezera. Tikaika -dzi- patsogolo pa tsinde timapeza kudzigulira. Ziganizo izi zikusonyeza kusiyana kwake:

Ndigula nsomba.
Ndikugulirani nsomba.
Tizigulirana: ine lero, inu mawa.
Aliyense adzigulire.

Chiganizo choyamba sichikunena amene adye nsombayo. Chachiwiri ndi lonjezo, ndipo wolankhulayo wadzimanga. Chachitatu ndi pangano la anthu olingana. Chachinayi chikuchotsa chikayiko chonse.

Mphatikiri ameneyu amakhala -ir- ngati lembo la liwu la m'tsinde ndi a, i kapena u, monga phika, phikira ndi gula, gulira. Amakhala -er- ngati lembolo ndi e kapena o, monga pereka, perekera ndi sonkha, sonkhera. Aneni a phatikizo limodzi monga -dya ndi -mwa amatenga -er-: dyera, mwera.

Mneni wa kulipira amasokoneza ophunzira ambiri chifukwa ali kale ndi -ir- mkati mwake. Amachokera ku kulipa, mawu amene timawamva kwambiri pa milandu, munthu akamapereka chindapusa kapena kubweza chimene wawononga. Kulipira ndi kupereka ndalama pa katundu kapena pa ntchito, ndipo m'menemo ndi mmene mudachokera mawu akuti malipiro. Kuti tinene kuti tikupereka ndalama m'malo mwa munthu wina, tiyenera kuwonjezera -ir- wachiwiri: kulipirira. Onani ziganizo ziwiri izi:

Ndikulipirani.
Ndikulipirirani.

Choyamba chikutanthauza kuti ndikupatsani ndalama inuyo, monga bwana kwa wantchito kapena wogula kwa wogulitsa. Chachiwiri chikutanthauza kuti bilu yanu ndiitenga ine. Kusiyana kwake ndi phatikizo limodzi lokha, koma wophunzira akalisiya amakhala wanena zina. Kuchokera pamenepo timapeza kudzilipirira, kulipirirana ndi kulipiritsa. Womalizayu ndi msintho wochititsa, monga m'chiganizo chakuti “Atilipiritsa madola khumi polowa.”

Kudya nakonso kuli ndi ana ake. Kudyetsa ndi kupatsa wina chakudya. Kudyera kumatha kusonyeza malo, monga “tidyera panja”, kapena chipangizo, monga “tidyera foloko”. Koma munthu akati “wandidyera ndalama” ndiye kuti akudandaula kuti mnzake wamuwonongera ndalama zake. Mphatikiri yemweyo amene amasonyeza kuchitira wina zabwino amasonyezanso kumuchitira zoipa.

Msonkho, kusonkha ndi basela

M'malesitilanti ang'onoang'ono a ku Malawi, mtengo wolembedwa pakhoma ndiwo umene munthu amalipira. Ku Ontario mtengo wa pa menyu ndi poyambira chabe. Kuyambira pa 1 Julayi 2010 chigawochi chimadula msonkho wotchedwa HST wa 13 peresenti, umene 5 peresenti ndi gawo la boma la dziko lonse ndipo 8 peresenti ndi la chigawo. Msonkhowu umawonjezedwa pa bilu kumapeto. Pamwamba pake pamabwera tipi, ndalama yothokozera woperekera zakudya. Lamulo silikakamiza munthu kuipereka, koma chizolowezi ndi kupereka pakati pa 15 ndi 20 peresenti, ndipo kusapereka kumamveka ngati kunena kuti simunasamalidwe bwino. Chizolowezichi chidapitirira ngakhale kuti kuyambira pa 1 Januwale 2022 operekera mowa ku Ontario adayamba kulandira malipiro otsikitsitsa ofanana ndi a antchito ena. Malesitilanti ambiri amawonjezera okha tipi pa bilu ya gulu lalikulu, choncho ndi bwino kuwerenga biluyo musanawonjezere ina.

Tiyerekeze kuti mbale imodzi yalembedwa madola 25. Msonkho wake ndi madola 3.25. Tipi ya 18 peresenti pa mtengo wa chakudyacho ndi madola 4.50. Zonse pamodzi ndi madola 32.75. Anthu asanu ndi mmodzi akadya mbale zotere, bilu imafika madola 196.50, zakumwa zisanawerengedwe. Munthu amene anati “ndikulipirirani nonse” akuwerengera madola 150 amapezeka kuti waperewera ndi madola oposa 46.

Mawu akuti msonkho ali ndi abale amene angathandize wophunzira kuwakumbukira. Kusonkha ndi kupereka gawo lako pa chinthu cha gulu. Kusonkha moto ndi kukankhira nkhuni pamodzi kuti ziyake. Kusonkhana ndi kubwera pamodzi, ndipo msonkhano ndi anthu obwera pamodzi. Mawu onsewa ali ndi ganizo limodzi la kuika zinthu zobalalika pamalo amodzi. Choncho gulu la abwenzi likati “tisonkherane” limakhala latchula njira yachitatu, yosiyana ndi kulipiriridwa komanso yosiyana ndi kudzilipirira: aliyense aponya kangachepe m'thumba limodzi, ndipo thumbalo ndilo ligule mafuta a galimoto, nyama ndi ufa. Njira imeneyi si yachilendo kwa Amalawi. Antchito a m'tauni amadya mmemo, nkhomaliro yophika ndi ndalama zosonkherana, ndipo m'midzi mudali chidyerano, pamene mabanja ankabweretsa mbale zawo pamalo amodzi n'kudyera pamodzi. Chomwe chasintha ndi njira yotumizira ndalama. Ku Malawi msungichuma wa gulu amalandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamene ku Canada amalandira pa Interac e-Transfer.

Tipi ilibe dzina lenileni m'Chichewa, ndipo mawu amene ali pafupi nayo amafuna kusamala. “Kangachepe” angatanthauze mphatso yothokoza, koma pa malo ena, monganso “ya fanta”, amamveka ngati chiphuphu. Mawu osakayikitsa ndi akuti “ndalama yothokozera”. Chosangalatsa n'chakuti pamsika wa ku Malawi chowonjezera chimayenda mobwerera. Wogulitsa ndiye amaponyera wogula tomato mmodzi kapena awiri apamwamba, zomwe timati basela, pofuna kuti wogulayo adzabwerenso. Ku Toronto wogula ndiye amawonjezera. Mphunzitsi akaika mawu awiriwa pamodzi, ophunzira a ku Canada amamva msanga chifukwa chimene tipi imadabwitsira mlendo wochokera ku Malawi.

Kodi tadya?

Vuto lina la paulendo ndi lakuti anthu sagwirizana kuti kudya n'chiyani. Kwa Amalawi ambiri chakudya chenicheni chili ndi mbali ziwiri, nsima ndi ndiwo. Ndiwo ndi chilichonse chodyera nsima, kaya masamba, nyemba, usipa kapena nyama. Munthu amene wadya buledi ndi tiyi, kapena chimanga chootcha, amatha kunena mosanama kuti “lero sindinadye”. Menyu ya ku Ontario imayenda mwa njira ina. Dzina la mbale limakhala la nyama kapena nsomba, ndipo mbatata kapena mpunga zimabwera pambali ngati zongoperekeza. Pa Chichewa kudya ndiwo zambiri ndi nsima yochepa timati kususa, ndipo mwana wosusa amadzudzulidwa. Tingati menyu yotere imauza munthu wamkulu kuti asuse.

N'chifukwa chake magulu ambiri akabwereka koteji yokhala ndi khitchini amanyamula ufa woyera wa chimanga, umene umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa mu Toronto, pamodzi ndi mthiko. Nsomba ya tilapia ya m'masitolo akuluakulu ndi ya mtundu umodzi ndi chambo, ngakhale kuti odziwa chambo cha ku Mangochi sachedwa kunena kuti kakomedwe n'kosiyana. Nyanja za ku Ontario zili ndi nsomba zake. Tauni ya Port Dover, m'mphepete mwa nyanja ya Erie, imadziwika ndi nsomba yokazinga yotchedwa perch. Kuphika mgonero m'koteji ndi kukadya nkhomaliro yokha kulesitilanti kumachepetsa bilu, ndipo aliyense amagona atadya mwa tanthauzo lonse la mawuwo.

Mayina a nthawi za chakudya ndi atatu: kadzutsa m'mawa, nkhomaliro masana, mgonero madzulo. Chakudya chimene anthu a ku Toronto amakonda Loweruka ndi Lamulungu cha m'ma 11 koloko, chophatikiza kadzutsa ndi nkhomaliro, chilibe dzina lake m'Chichewa, ndipo munthu angangoti “kadzutsa wochedwa”. Koma Chichewa chili ndi mawu awiri amene amagwira bwino ntchito paulendo. Kamba ndi chakudya chonyamula kuti udye panjira, monga mbatata yophika, mtedza kapena mandasi. Mkute ndi chakudya, makamaka nsima, chotsala dzulo chimene chimadyedwa m'mawa. M'malesitilanti a ku Canada si zamanyazi kupempha kabokosi koikamo chakudya chotsala, ndipo Mmalawi akanyamula kabokosiko akhoza kuseka kuti “mkute wa mawa wapezeka”.

Pomaliza kudya, mawu aulemu ndi “zikomo, ndakhuta”. Wophunzira azindikire kuti kwathu kukana koyamba sikutengedwa ngati komaliza. Wopereka amaumirira kuti “onjezerani pang'ono”, ndipo kuumirirako ndi mbali ya ulemu. Woperekera zakudya wa ku Toronto akamva kuti mwakhuta amachotsa mbale nthawi yomweyo.

Kumwa

M'mabala a ku Malawi abwenzi amagulirana. Wina amagula raundi yoyamba, wina yachiwiri, mpaka aliyense wofuna kusunga dzina lake atagulapo. Mowa wodziwika ndi Carlsberg, umene anthu amangouitanitsa potchula mtundu wa chizindikiro chake kuti Green. Fakitale yake idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Palinso Kuche Kuche ndi Chibuku. Kumwa chibuku kapena masese m'chipanda chimodzi chozungulira kumasonyeza bwino tanthauzo la kumwera pamodzi.

Ku Ontario malamulo a mowa ndi okhwima. Munthu ayenera kukhala ndi zaka 19 kuti agule kapena kumwa mowa, pamene ku Malawi ndi zaka 18, ndipo wooneka wamng'ono amafunsidwa chiphaso. Operekera mowa amayenera kukhala ndi satifiketi ya Smart Serve, ndipo saloledwa kupitiriza kugulitsa mowa kwa munthu amene waledzera. Mabala amasiya kugulitsa 2 koloko usiku. Kuyambira mu 1927 mowa waukali umagulitsidwa m'masitolo a boma la chigawo otchedwa LCBO, ndipo ndi mu Seputembala 2024 pamene timasitolo ta m'makwalala tidaloledwa kugulitsa mowa wamba ndi vinyo. Tchuthi cha Victoria Day, chomwe chimakhala Lolemba lomaliza pasanafike pa 25 Meyi, ndicho chimatsegula nyengo ya maulendowa, ndipo anthu amachitchula moseka kuti May Two-Four, dzina limene limakumbutsa tsiku la 24 Meyi komanso katoni ya mabotolo 24.

Dera la Niagara-on-the-Lake lili ndi minda yambiri ya mpesa, ndipo limatchuka ndi vinyo wotsekemera wotchedwa icewine, amene mphesa zake zimathyoledwa zitauma ndi chisanu, kuzizira kutafika madigiri 8 pansi pa ziro kapena kuposa. Vinyoyu adadziwika padziko lonse mu 1991 pamene kampani ya Inniskillin idapata mphoto yaikulu pa chionetsero cha Vinexpo ku Bordeaux. Alendo amapita m'mindamo kukalawa. Apa mawu akuti kulawa amatha kusocheretsa. Pamsika wa kwathu kulawa mtedza kapena thobwa musanagule n'kwaulere, pamene m'minda yambiri ya ku Niagara kulawa amalipiritsa. Gulu loyenda munda ndi munda likumbukire mwambi uja wakuti “ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada”.

Mowa umabweretsanso funso la chilungamo. Amalawi ambiri samwa, ena chifukwa cha mpingo, ena chifukwa cha Chisilamu, ena mwa kufuna kwawo. Komanso pagulu payenera kukhala woyendetsa galimoto wosamwa. Ku Canada kuyendetsa uli ndi mowa wofika 0.08 m'magazi ndi mlandu waukulu, ndipo ku Ontario apolisi amalanda laisensi kwa masiku angapo kuyambira pa 0.05. Woyendetsa wa zaka 21 kapena zocheperapo, ndiponso amene akadali pa laisensi yophunzirira, saloledwa kukhala ndi mowa m'thupi ngakhale pang'ono. Bilu ikagawidwa mofanana pakati pa onse, wosamwa amalipirira mowa wa anzake, ndipo woyendetsa amene wawasunga amoyo amalipiritsidwa kawiri. Chiganizo chothetsa nkhaniyi n'chachifupi: “Chakudya tisonkherane, koma zakumwa aliyense adzigulire.”

Inu, iwe ndi woperekera zakudya

Abwenzi a msinkhu umodzi amaitanana kuti “iwe”, “aise” kapena “amwene”. Koma pagulu pakakhala wamkulu, kapena mkazi kapena mwamuna wa mnzako, pamafunika “inu”, pamodzi ndi mawu monga achimwene, achemwali, alamu, amayi kapena abambo. Nkhani ya ndalama imafuna ulemu woposa. Kuuza munthu wamkulu kuti “lipirani” kumamveka ngati kulamula. Olankhula Chichewa amafewetsa ndi ta-, monga “taonani biluyi”, kapena amafunsa funso: “Kodi tichite bwanji pa nkhani ya bilu?” Wamng'ono amene akufuna kulipirira wamkulu amapempha chilolezo: “Achimwene, lero mundilole ndilipire ine.”

Ku Malawi woperekera zakudya amaitanidwa kuti achimwene, achemwali kapena asisi, ndipo iye amayankha kuti bwana kapena madamu. Mayina enieni satchulidwa. Ku Toronto woperekera amayamba ndi kutchula dzina lake loyamba, ndipo kumuitana mokweza kapena momuombera m'manja kumaonedwa ngati mwano. Mbali zonse ziwiri zili ndi ulemu, koma njira zousonyezera n'zosiyana, ndipo wophunzira wopita ku Malawi ayenera kuzolowera kuitana munthu wosamudziwa ndi mawu a chibale.

Chitsanzo cha m'kalasi

Kukambirana kotsatiraku kwakonzedwa kuti ophunzira ayeserere. Olankhula ndi wophunzira wapasukulu ndi mnzake wamkulu wapantchito, kutatsala masiku atatu kuti anyamuke.

Wamkulu: Loweruka tikupita ku Niagara. Tiye nawo.
Wamng'ono: Zikomo achimwene, ndikadakonda. Koma mwezi uno m'thumba simuli bwino. Tikayenda bwanji pa nkhani ya ndalama?
Wamkulu: Mafuta ndi pogona tisonkherana. Nkhomaliro ya Loweruka ndikakulipirira ine. Mgonero tikaphika tokha.
Wamng'ono: Ndiye ufa ndi ndiwo zamasamba ndibweretsa ine. Kuphika nsima mundisiyire.
Wamkulu: Zakumwa aliyense akadzigulira.
Wamng'ono: Palibe vuto. Ine sindimwa, ndiye pobwerera ndikhoza kuyendetsa.

Mphunzitsi angafunse ophunzira kuti apeze aneni onse osinthidwa ndi kunena amene akuchitira mnzake. Angawafunsenso chifukwa chimene wamkulu akunenera “tiye” ndi “ndikakulipirira” pamene wamng'ono akunena “mundisiyire”. Kenako ophunzira asinthe maudindo, olankhula akhale a msinkhu umodzi, kapena mmodzi akhale mlamu wa mnzake, ndipo aone mawu amene asinthe. Ntchito ina ndi kuwapatsa menyu yongopeka kuti awerengere msonkho ndi tipi, n'kunena m'Chichewa ndalama zimene aliyense apereke.

Chofunika kuona m'kukambiranaku ndi nthawi yake. Nkhani ya ndalama yakambidwa ulendo usanayambe, pa anthu awiri, pamene wamng'ono akadatha kukana popanda manyazi. Komanso iye sanangolandira. Wapereka ufa, ntchito yophika ndi kuyendetsa galimoto, ndipo potero wachoka pa gulu la atidyenawo n'kulowa pa gulu la osonkherana.

Mawu omaliza

Taona kuti pa ulendo wa kumapeto kwa sabata pali njira zinayi zoyendetsera ndalama, ndipo iliyonse ili ndi mneni wake: kulipirira, kugulirana, kusonkherana ndi kudzilipirira. Ku Malawi anthu nthawi zambiri satchula njira imene atsate, chifukwa msinkhu, ntchito ndi ubale zimanena kale. Ku Toronto zizindikiro zimenezi sizikwanira, popeza mitengo ndi yokwera, msonkho ndi tipi zimabwera pamwamba, ndipo kamakina kolipirira kamafika kwa munthu aliyense payekha. Choncho olankhula Chichewa okhala kumeneko amakakamizika kunena poyera zimene kumudzi zimangomveka. Kwa ophunzitsa, phunziro la misintho ya aneni lingayambire pa tebulo lotereli, chifukwa wophunzira amene waona kuti “ndikulipirani” ndi “ndikulipirirani” zimasiyana ndi madola 32.75 sadzaiwalanso -ir- wachiwiriyo.